Ndinaloweza Buku Lopanda Zithunzi

Ndinanyamuka ku Nkhunga Lachiwiri m'mamawa titangomaliza swala ya subuhi, pemphero lathu la m'bandakucha. Zinali zaka za Chitaganya, mwezi umene anthu amakhala atapuntha mpunga. M'thumba ndinaikamo malaya oyera, zitumbuwa zisanu zimene mayi anakazinga, makope atatu a Chingerezi, ndi chitini chodzaza tizitsulo ta mawayilesi akufa. Ndinkapita ku boma, ku Kotakota. Kunali kutamveka kuti mzungu wa za lamya afika pa sitima ya pamadzi kudzayesa anyamata omaliza Sitandade 6, asankhepo awiri okaphunzira ntchito ya mawayilesi ku Zomba.

Bambo anga sanandiperekeze. Anali pansi pa mtengo wa mango akusoka khoka lawo lophera nsomba, ndipo analankhula maso ali pa ulusi.

"Saidi, ukapambana pita, Mulungu akutsogolere. Ukalephera, zinyalala zakozo ukataye m'nyanja, udzagwire chingwe cha khoka ngati abale ako. Kachiwiri kulibe."

Bambo sankabweza mawu, koma ine sindinachite mantha. Ndinkadziona ngati munthu wopambana kale, ndipo chondilimbitsa mtima choyamba chinali manja anga. Amuna ochokera ku Halale ndi ku Joni ankabwera ndi mawayilesi a batire, ena ooneka ngati sefuliya, ndipo akaleka kulankhula ankawabweretsa kwa ine. Palibe anandiphunzitsa. Ndinkangotsegula, kusinthanitsa ichi ndi icho mpaka chinthu chitatsokomola. Tizitsulo ta m'katimo ndinatipatsa mayina anga: timabotolo, ndudu, ndi mbozi chifukwa cha mizeremizere yake. Pofuna kudziwa ngati moto ulipo ndinkagwiritsa ntchito lilime. Nsonga ina ya kawaya ndinkaika pamalo okayikitsa, ina palilime, dzanja lili pachitsulo. Kukanyerenyetsa ndiye kuti moto ulipo. Nthawi zina kunkaluma ndithu, koma ndinazolowera.

Chinanso chinali Chingerezi. Msuweni wanga Amidu, amene anali mesenjala ku Limbe, anabwereka buku la za mawayilesi kwa bwana wake n'kundikoperera ndi manja m'makope atatu aja. Chingerezi chake sichinali chija cha kusukulu, cha mafumu a ku Mangalande ndi mitsinje ya ku Indiya. Chinali cha valavu, kondensa, rezisita, mawu oti ngakhale aphunzitsi athu anangopukusa nawo mutu. Ndiye ndinachita zimene ndinkadziwa. Ndinakhala pamkeka monga tinkachitira poloweza Korani ku madarasa, miyendo yopinda, thupi likuwerama n'kudzuka, ndikuyimba mzere umodzi mpaka utakhazikika m'mutu. Patatha miyezi isanu ndi iwiri, mukananditchulira mawu atatu a tsamba lililonse ndikanamaliza tsamba lonselo osapuma.

Cha m'ma eyiti ndinafika pafupi ndi mtsinje wa Dwangwa, pamene panaima lole ya mmwenye yonyamula mpunga. Nthawi imeneyo kunalibe nzimbe, kunali madambo ndi bango basi. Dalaivala anati mpaka ku boma ndi masheleni awiri, kukhala kwake pamwamba pa matumba. Tinakwera anthu khumi ndi mmodzi, mbuzi imodzi ndi dengu la nkhuku. Msewu unali wa mchenga ndi maenje, ndipo matayala a loleyo anali osalala ngati dazi. Ine ndinatulutsa kope n'kuyamba kuyimba chapansipansi ndikugwedezeka. Mayi mwini nkhuku anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anauza anzawo kuti achepetse phokoso, mwana wa ashehe akupempherera galimoto. Nditawauza kuti ndi Chingerezi cha mayeso, anati ndipitirize basi, Mulungu amamva zilankhulo zonse, ndipo matayala aja iwo awaona ndi maso awo.

Pa Liwaladzi tinaima kuti dalaivala athire madzi mu injini, ine ndinagula chinangwa chowotcha cha kobiri. Pamenepo panakwera bambo wina wamtali, wovala chipewa chakutha cha usilikali, atakoleka chikwama chachikopa ndi mkombero wa waya paphewa. Anali a Kamanga, oyendera waya wa lamya uja unkadutsa m'mphepete mwa nyanja. Chichewa chawo chinali ndi kafungo ka Chitonga. Anatiuza kuti akuchokera kodzutsa mapolo awiri amene njovu zinagwetsa podzikanda, ndi kuti ntchito ya mawaya anaiphunzirira kunkhondo.

Dzuwa lili paliwombo tinafika pa Bua. Pantoni yowolotsa magalimoto inali tsidya lina chingwe chake chitaduka, anthu akuchilumikiza mosathamangira kanthu. Tinatsika kukakhala pamthunzi. Amayi ankagulitsa nsomba ya mpasa yowamba, chidutswa chachikulu pa tiki, makobiri atatu, ndipo a Kamanga anagula n'kundigawira. Ndikuganiza kuti ankafuna kunditseka pakamwa, chifukwa ndinali nditayambiranso nyimbo yanga. Koma anali atamvetsera. Anandifunsa kuti zimenezo ndazitenga kuti, ine ndinafotokoza zonse modzitama, mpaka kuwaonetsa chitini changa. Anakhuthulira tizitsulo tonse pampango wawo.

"Chabwino mphwanga. Wanena za valavu tsamba lathunthu. Tandipatsa valavu pamenepa."

Ndinayang'ana pampangopo. Panali timabotolo tanga, ndudu zanga, mbozi zanga. Ndinawauza mwaulemu kuti valavu ndilibe, n'chinthu cha azungu, mwina ndikachiona ku Zomba. A Kamanga anasiya kutafuna. Anatola kabotolo kamodzi n'kukaimika patsogolo pa mphuno yanga.

"Nanga ichi n'chiyani?"

"Kabotolo, bambo."

"Iyi ndiye valavu."

Chinthu chimene ndinkachiyimba m'mawa ndi madzulo, chimene m'maganizo mwanga chinali chimakina cha mapaipi chosanyamulika ndi munthu mmodzi, chinali kabotolo kamene ndinayenda nako m'thumba la kabudula zaka zitatu. Mbozi zija zinali marezisita, ndipo mizere yake sinali yokongoletsa ayi, inali manambala. Ndudu zinali makondensa. A Kamanga anatenga kope limodzi, kulitembenuza tsamba ndi tsamba, n'kufunsa kuti zithunzi zili kuti. Ndinati zithunzi zanji? Anandilozera mzere woti onani chithunzi chachinayi, mzere umene ndinkauyimba pamodzi ndi inzake osaganizapo kanthu. Amidu anali atakopera mawu okha. Pambuyo pake anadzandiuza kuti zojambulazo zinali timizere tokhotakhota tovuta kutsanzira, ndipo iye anaganiza kuti chofunika pa mayeso ndi Chingerezi.

Kunena zoona ndinafuna kulira. Mayeso anali mawa lake m'mawa, ndipo ine ndinali ndi mayina m'mutu, zinthu m'manja, koma ziwirizi zinali zisanakumanepo.

A Kamanga sanandiseke kwambiri. Anati safunsa anadya phula, koma poti pantoni ikuchedwa tiyambepo. Iwo ankanyamula chinthu, ine kutchula dzina, kenako kunena zimene buku likunena, pang'onopang'ono, osayimba. Ndikayamba kugwedezeka ankandigwira paphewa. Anatsegulanso lamya yawo ya m'chikwama n'kundionetsa koyilo, waya wokulungidwa, ndi maginito. Mzere uliwonse umene ndinaumvetsa unkandidzidzimutsa. Zinthu zimene ndinazitulukira movutikira, nditawononga mawayilesi a eni ake n'kutukwanidwa, zinali zolembedwa m'kope langa lomwe, ndipo ndinkaziyimba tsiku ndi tsiku. Pamene pantoni imafika cha m'ma folo tinali titamaliza masamba khumi ndi awiri a kope loyamba. Makope enawo sitinawatsegule n'komwe.

Powoloka, amuna tonse anatigwiritsa chingwe kuti tizikoka, ngakhale tinali titalipira ulendo. Ena ankaseka, ena ankatukwana dalaivala. Ine chingwe chonyowacho chitandikhudza m'manja ndinakumbuka khoka la bambo, ndipo mantha amene ndinawasiya ku Nkhunga anandipeza pakati pa mtsinje.

Tinalowa mu Kotakota cha m'ma faifi, pakati pa nyumba zothithikana, mizikiti, ndi amuna a mikanjo yoyera akupalasa njinga. Sitima inali itafika kale. A Kamanga anatsikira pafupi ndi positi, ndipo potsanzikana anandiuza kuti chimene sindikuchidziwa ndisachigwire, ndifunse, mzungu sadya munthu. Ndinakafikira kwa amalume pafupi ndi msika. Azakhali anaphika mpunga wa nazi ndi chambo, koma sindikukumbuka kukoma kwake.

Lachitatu nayini koloko tinali anyamata asanu ndi awiri pakhonde la kuseri kwa ofesi. Mzunguyo anali wamfupi, wofiira khosi, wolankhulira m'mphuno, ndipo ankatiitana mmodzimmodzi. Patebulo anali atayala tizitsulo. Pambali panali chiwayilesi chachikulu choyendera moto wa injini osati batire, cha mtundu umene ndinali ndisanauonepo.

Poyamba zinayenda. Anati valavu, ndinamupatsa kabotolo. Anati rezisita, ndinamupatsa mbozi. Atafunsa ntchito ya kondensa ndinayamba bwinobwino monga anandiphunzitsira a Kamanga, koma mantha anandibwezera ku madarasa. Ndinatseka maso n'kuyimba mutu wonse wa kondensa, mpaka masamba amene pa Bua sitinawafike. Nditatsegula maso ndinapeza mzungu atatsegula buku lake, chala chikutsata mzere ndi mzere. Linali buku lomwe lija, ndipo zithunzi zake ndinaziona ndi maso anga, tsamba lililonse. Anati chikhalire sanaonepo zoterezi. Mtima wanga unali utafika kale ku Zomba.

Kenako anayatsa chiwayilesi chija kuti ndimve kuti sichikulankhula, anachizimitsa, anazula chingwe kukhoma, n'kundiuza kuti ndipeze vuto. Mmenemo ndiye munali kwathu. Ndinayang'ana mavalavu, ndinayang'ana mawaya, ndinaona waya wokayikitsa pansi pa kamgolo kasiliva koimirira pakona. Kamgolo kotero kanali kachilendo kwa ine. Malangizo a bambo Kamanga ndinawakumbuka, koma ndinaona ngati kufunsa kundichotsera ulemu umene ndinali nditangoupeza kumene. Patebulo panali kabokosi ka singano koyezera moto, koma kagwiritsidwe kake sindinkakadziwa. Ndinangofuna kutsimikiza kuti mulibedi moto ndisanalowetse zala, monga ndinkachitira kwathu ndikachotsa batire. Ndinatulutsa kawaya kanga m'thumba, nsonga ina pansi pa kamgolo, ina palilime.

Zimene zinachitika sindinazione. Ndinamva ngati munthu wandimenya ndi nkhafi m'kamwa, ndipo pozindikira ndinali pansi pafupi ndi chitseko, mpando uli pamwamba panga, m'kamwa muli magazi ndi fungo la nyama yopserera. Mzungu anali atagwada pambali panga nkhope itayera mbuu, akufuulira mesenjala kuti abweretse madzi.

Atatsimikiza kuti ndili moyo, anatenga buku n'kuika chala pa chithunzi cha kamgolo komwe kaja. Pansi pake panalembedwa kuti kondensa. Anawerenga mzere umodzi mokweza, kenako anauza kalaliki wa mu ofesimo kuti anditanthauzire m'Chinyanja kuti ndimve bwino. Mzerewo unkati kondensa yaikulu imasunga moto ngakhale makina atazimitsidwa, moto woti n'kupha munthu, ndipo usaigwire usanaukhuthule.

"Mawu amenewa wandiuza wekha pasanathe mphindi khumi," anatero kudzera mwa kalalikiyo. "Sunaphonye ngakhale limodzi."

Lilime langa linali litatupa n'kudzaza m'kamwa. Mzunguyo anati sangatenge munthu wonena chenjezo ndi pakamwa n'kukanyambita choopsacho ndi pakamwa pomwepo, chifukwa ku Zomba kuli makina oti akakugwira sudzukanso. Anatenga anyamata awiri a Chingerezi chothyokathyoka. Kalaliki uja anandiuza kuti onse awiri atafika pa kamgoloko anabweza manja kumbuyo n'kufunsa.

Kuchipatala anandipaka mankhwala apepo n'kundiuza kuti ndizimwa phala lokha. Lachisanu ndinakwera lole yomwe ija, masheleni awiri omwe aja. Pa Bua pantoni inali itachira, ndipo ndinadana nayo chifukwa chotiwolotsa msanga. Ndinafika ku Nkhunga masana, kalata ya amalume ya zilembo za Chiarabu ili m'thumba, poti ine kulankhula kunkakanika. Bambo anaiwerenga kawiri, kenako anati nditsegule pakamwa. Anayang'ana kwa nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti akalipe.

"Pamene ndinkakuphunzitsa kusamba udhu usanapemphere," anatero motsitsa mawu, "ndinakupatsa mawu okha, kapena ndinakutengera kumadzi?"

Sanadikire yankho. Anati khoka likulowa m'madzi mawa, ndipo chitini ndikataye ndekha, iwo sandilondola. Ndinakachitaya ndithu, pamodzi ndi mavalavu amene ndinali nditawadziwa dzina masiku atatu okha. Ndinakoka khoka zaka zinayi mpaka bambo atatisiya, ndipo pofika nthawiyo msinkhu wa mayeso aja unali utandipitirira. Ku Zomba sindinapiteko.

Mawayilesi ndinadzawabwerera pambuyo pake, pakhonde la sitolo ina ku boma. Aliyense amene ndamuphunzitsa ntchitoyi ndimayamba ndamuonetsa chinthu, dzina lake la Chingerezi pambuyo. Mdzukulu wanga wophunzira za makompyuta akamaloweza mawu ake, ndimamuuza kuti atsegule bokosilo andilozere chimene akunenacho, iye amati agogo ndi ovuta. Nsonga ya lilime langa mpaka lero siimva mchere kapena shuga.