Laputopu ya Achimwene a Twaibu

Ndikukumbukira tsiku limene laputopu ya achimwene anga a Twaibu inafika kwathu ku Mangochi kuchokera ku Joni. Ndinali mu Sitandade 6. Inabwera ndi dalaivala wa basi, yokulungidwa m'bulangete, popanda uthenga uliwonse. Eni ake anali atasiya kuimba foni kuyambira m'dzinja, ndipo nambala yawo sinkapezekanso.

Tikaiyatsa inkangoonetsa mdima. Amalume a Saidi ankaifuna kuti aziikira anthu nyimbo m'mafoni, choncho anatitengera, ine ndi amayi, kwa a Zainabu, mayi wokonza makompyuta pafupi ndi depoti. M'kashopu kawo munkatentha, mukununkha waya wopsa.

"Sisitimu yoyendetsa laputopuyi yafa, koma ndili ndi ina pafulashi," anatero a Zainabu.

"Ikani, mufufute zakalezo," anayankha amalume.

"Ayi, bambo. Tiyambe taiyesa ili pafulashi pomwepo. Ikamayendera pamenepo, sikhudza za m'kati. Tikangoiika, zonse za mwini wake zapita."

Atabaya fulashiyo, laputopu inawala. Panatuluka mabokosi awiri: loyesa ndi loikiratu. Amalume anatambasula mkono kulozera lachiwiri, akudandaula za nthawi. Amayi, amene sankadziwa kuwerenga, anawagwira pamkono.

"Achimwene, dikirani. Mwana wanga ali m'menemo."

A Zainabu anasankha loyesa. Sisitimu yachilendoyo inayenda bwino, ndipo kudzera m'menemo anatsegula zithunzi zakale. Tinaona a Twaibu atavala jekete lachikopa, akuseka. Kenako ali pantchito. Zithunzi zikamapita, jekete lija linkakula, munthu akuchepa. Chomaliza anali pabedi lachitsulo, masaya atalowa, akuyesetsa kumwetulira.

Ndinkangomva kafani ka laputopu kakulira. Amayi ananong'ona "Inna lillahi," mawu amene Asilamu timanena pa tsoka, n'kudziphimba kumaso ndi mpango.

A Zainabu anakopera zithunzi zonse, kenako anazula fulashi, mdima n'kubwerera. Amalume sanatchulenso za nyimbo. Uthenga wa maliro unatipeza Ramadani itatha, atawaika kale ku Joni komweko.

Panthawiyo ndinkadana nawo a Zainabu, poganiza kuti ndiwo anatibweretsera imfa m'nyumba. Lero ndikumvetsa kuti anangokana kufulumira. Akanamvera amalume, tikanabwerera kunyumba tikusangalala ndi laputopu yoyaka, titafufuta tokha nkhope yomaliza ya achimwene, osadziwa n'komwe kuti inalimo.