Mmodzi Sanatsike Phiri

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pakhomo la tchalitchi ku Malindi, Lamulungu lina titatuluka m'mapemphero. Sukulu ndinali nditalekeza folomu 2, ndipo ndinkangothandiza mayi anga kuyanika usipa. Mkulu wa mpingo analengeza kuti a zankhalango akufuna munthu wodziwa kulemba, womva Chiyao, wosaopa kukwera phiri. Anyamata anafunsa ngati pali yunifolomu ndi njinga. Atamva kuti ntchito yake ndi yongowerenga anthu olowa m'nkhalango, anabalalika akuseka. Ine ndinatsala, chifukwa zinandidabwitsa kuti anthu opita kutchire angawerengedwe ngati mbuzi zolowa m'khola. Ndinkafuna kudziwa cholinga chake.

Zinali zaka zija nkhondo itavuta ku Mozambique. Othawa nkhondo anali atadzaza m'midzi ya m'munsi mwa mapiri, ndipo aliyense, mlendo ndi mwini mudzi yemwe, ankadalira nkhalango yomweyo pa nkhuni, udzu ndi milimo. A Mbewe, amene ankayang'anira chigawo chathu, anandilongosolera tsiku loyamba. "Sitingatseke nkhalango yonse, anthu aphikira chiyani? Koma tikadziwa njira imene ikulemedwa, tiipumitsa n'kutsegula ina. Inu mukhala maso athu."

Anandipatsa kachitsulo kozungulira kokwana m'dzanja, kokhala ndi batani. Ukadina kamalira kuti kha, nambala n'kusuntha. Anandipatsanso bolodi yopanira pepala, chingwe, zikhomo, tsache, ndi pensulo. Bolopeni anaikana chifukwa inki imasungunuka mvula ikagwa. Malo anga anali pansi pa mtengo wa masuku, pamene njira yaikulu imayambira kukwera. Wolowa aliyense ndinkamudinira kamodzi. Mwana wa kumbuyo sawerengedwa, poti saponda nthaka. Potuluka ndinkalemba chimene munthu wasenza: nkhuni, udzu, milimo, bowa kapena zipatso.

Panali kanjira kena kakang'ono komwe sindikanatha kukhalako. Kumeneko ndinkathira mchenga modutsa njira, n'kuusalaza ndi tsache m'mawa, masana n'kupita kukawerenga mapazi. Poyamba ndinkangoona chisokonezo. Pang'onopang'ono ndinayamba kusiyanitsa phazi lopanda nsapato ndi la patapata, wokwera ndi wotsika, ngakhale wosenza katundu, chifukwa chidendene chake chimalowa kwambiri. Anyani okha ndiwo ankandiwonongera ntchito, akadutsa gulu lonse pamchenga wanga. Mwezi ukatha tinkakoka chingwe pakati pa zikhomo ziwiri, kuyeza ngati njira yakula m'mbali kapena madzi ayamba kuikumba.

Chimene chinanditopetsa mutu chinali gulu lina la anthu. Ankakwera chimanjamanja, n'kutsikanso chimanjamanja. Analibe nkhwangwa, analibe dengu, ndipo papepala panga panalibe mzere wawo. Ambiri anali achikulire, onse othawa nkhondo. Nditawauza a Mbewe anati, "Kafunseni. Nambala imene sindikudziwa chifukwa chake sindingaigwiritse ntchito."

Ndinafunsa Abiti Amadu, mayi wachikulire wa chitenje chobiriwira amene ankakwera pafupipafupi, akukoka pang'ono mwendo wakumanzere. Anandiyang'ana, kenako anati, "Tiyeni mukaone nokha, mwanangu." Pamwamba penipeni panali mwala waukulu wafulati. Utaima pamenepo, kumbuyo kwako kuli nyanja, kutsogolo kuli mapiri a ku Mozambique. Analoza phiri lina la msana wopindika. "Kuseri kwa lija ndiye kwathu. Mwana wanga Asiyatu tinasiyana tsiku lothawa, iye anali kumunda. Ndimabwera kudzaona ngati kukufuka utsi wa kuphika." Ndinafunsa ngati utsi wa kuphika ungaoneke patali chotero. Anaseka pang'ono. "Suoneka. Koma ndikhale pansi n'kumatani?"

A Mbewe atamva zimenezi anawonjeza mzere papepala, wa okaona kwawo. Analamulanso kuti pamtunda wotsiriza, pomwe panali potsetsereka ndi miyala yogwedera, pazikwera anthu ochepa nthawi imodzi, chifukwa mwala wogumuka ndi phazi la wam'mwamba ukhoza kuvulaza wam'munsi.

Tsiku lovuta linadza m'mwezi wa Okutobala, udzu utauma gwa. Ndikufika pamtengo wanga m'mawa ndinapeza anthu ataunjikana kale, ena akubwerabe. Kum'mawa kunali utsi wakuda, wokwera ngati mtambo wa mvula. Mbiri inali itamveka kuti midzi ya kuseri kwa malire yatenthedwa, ndipo aliyense ankafuna kukaona ngati ndi kwawo. A Mbewe anali atapita ku boma ku Mangochi. Ndinali ndekha, mtsikana wa bolodi ndi pensulo, pamaso pa anthu a msinkhu wa makolo anga.

Ndinamanga chingwe changa modutsa njira. Bambo wina anakalipa: "Iwe mtsikana, kwathu kukupsa, iwe uli kudina kachitsulo?" Amene anandipulumutsa ndi Che Saidi, bambo amene othawa nkhondo ankawamvera pa nkhani zawo. Ndinawafotokozera za miyala yogwedera ija, iwo anatembenuka n'kuwalankhula anthu m'Chiyao, mofatsa koma mosanyengerera. Tinagwirizana kuti azikwera kagulu kamodzi, kakatsika kena kakwere. Okwera ndinkawadinira pakachitsulo, otsika ndinkawalemba timizere papepala.

Zinayenda choncho tsiku lonse, dzuwa likuswa mtengo. Otsika ena ankalira, ena ankangodutsa duu, ena ankatsutsana kuti wapsawo ndi mudzi uti. Mphepo inayamba kubweretsa phulusa la udzu, likugwera papepala langa. Dzuwa litapendeka, kagulu kotsiriza katatsika, ndinawonkhetsa timizere tanga n'kuyerekeza ndi nambala ya pakachitsulo. Zinasiyana ndi mmodzi. Ndinawerenganso, n'kupeza chimodzimodzi.

"Mwina chala chinadina kawiri," anatero Che Saidi. Zinali zotheka ndithu. Ndinali ndi njala, maso akuwawa ndi utsi, ndipo kachitsulo kaja sikachedwa kulira kawiri chala chikatopa. Koma nditayamba kukumbukira nkhope za otsika, chitenje chobiriwira sindinachione. Abiti Amadu anali atakwera m'mawa ndi kagulu koyambirira.

Tinakwera awiri, Che Saidi patsogolo. Pamwala panalibe munthu. Tinaitana, osayankhidwa. Ndinayang'ana pansi, poti ndizo ndinazolowera. Fumbi la pamwala linali lopondedwapondedwa, koma chakum'mawa, pomwe panalibe njira yeniyeni, panali mapazi a munthu mmodzi otsikira kutsidya, lakumanzere likusiya mzere wokokeka. Che Saidi anagwira pakamwa. "Kumeneko kuli mabomba okwirira," anatero motsitsa mawu.

Titatsatira mapazi aja, Abiti Amadu tinawapeza chakumunsi ndithu, atakhala pamchenga wa kamtsinje kouma, kamtolo ka zovala kali pamiyendo. Mwendo uja unali utawakana. Moto wa tchire unkamveka kuthetheka patsidya pa chigwa. Atationa sanadabwe.

"Bwererani, ana anga. Ndikungofuna ndikaone ngati Asiyatu ali moyo."

"Mayi, simukafika," ndinatero. "Ngakhale mwendo ukanalola, njira imeneyi si yabwino."

"Ndiye ndikafere pafupi ndi iye. Kuno ndikudya ufa wa chithandizo, mwana wanga sindidziwa ngati wadya."

Ndinangokhala pansi pambali pawo, n'kunena kuti ine sinditsika phiri popanda iwo. Che Saidi ananjuta patsogolo pawo nayamba kulankhula pang'onopang'ono. Anati utsi wotere ukafuka, opulumuka amathawira kuno, mawa kapena mkuja ayamba kufika. "Nanga Asiyatu akafika n'kufunsa kuti amayi ali kuti, ine ndidzamuuza chiyani? Kuti munasemphana panjira?"

Abiti Amadu anayang'ananso phiri lija. Kenako anandipatsa kamtolo kawo kuti ndinyamule, natambasula manja kuti tiwadzutse. Tinawagwira wina uku wina uku, kukwera mpaka pamwala, n'kutsika nawo pang'onopang'ono pamiyala yogwedera. Tinafika pamtengo wa masuku dzuwa likulowa, anthu ochepa akudikirabe.

Opulumuka anafikadi masiku otsatira, otupa mapazi, ena ndi ana a eni ake. Asiyatu panalibe. Abiti Amadu anapitiriza kukwera phiri, koma tsopano ankaima pamtengo wanga potsika n'kunena kuti, "Lembani, ndatsika."

A Mbewe atamva zonse anakwera okha kukaona malowo. Njira ya kumwala sanaitseke. Anapempha anthu a m'midzi, eni ndi alendo, kuti ayale masitepe a miyala pamtunda wotsetsereka uja, ndipo chakum'mawa kwa mwala anaikako mpanda wa mitengo. Kuyambira pamenepo, pa njira zonse za chigawo chathu, kuwerenga otuluka kunakhala lamulo, osati olowa okha.

Mtendere utabwera, Abiti Amadu anakwera lole limodzi ndi anzawo kubwerera kwawo. Ngati anamupeza mwana wawo, sindinamve, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa. Ine ndinagwira ntchito zina zowerenga pambuyo pake, ndipo kulikonse ndinkamva anthu akuti kusiyana kwa mmodzi si kanthu, chala chimalakwa. Chimalakwadi. Koma ine nambala zikasiyana sindifufuta msanga. Ndimayamba ndadzuka, n'kupita kukaona.