Kadontho Kobiriwira

Kalata yondichenjeza ija ndikadali nayo. Ili m'faelo yachikasu, pakati pa kalata yondilemba ntchito ndi yondipumitsa, ndipo pa zitatuzi ndi yokhayo imene ndimaitulutsa alendo akabwera.

Ndinali mlembi wa bungwe la alimi a mtedza. Ofesi inali ku Katete, alangizi athu ali ku Sinda ndi ku Vubwi. Kwa zaka zambiri tinkatumizirana mauthenga pa gulu la pa foni limene aliyense analizolowera. Linali ndi mavuto ake, sindikana. Uthenga wa mbewu unkakwiririka ndi mavesi a m'mawa ndi zithunzi za maukwati. Choncho atabwera manejala watsopano, munthu wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, n'kunena kuti tiyese pulogalamu ina ya ntchito yokhayokha kenako tisankhe, ine sindinatsutse.

Pulogalamuyo inali ndi kadontho pambali pa dzina la aliyense. Ukamaigwiragwira kadonthoko kankabiriwira, ukaisiya kankatuwa. Manejala anakakonda kuposa china chilichonse, moti m'mawa ankayamba kuona timadontho asanatipatse moni.

Ife a ku Katete tinali obiriwira tsiku lonse, ngakhale woyang'anira nkhokwe amene ankakhalira kumsika akukukuta chimanga chootcha, foni ili m'manja. Wotuwa anali mlangizi wathu wa ku Vubwi, mayi wamasiye wolera ana yekha. Kumidzi kumene amagwira ntchito, foni imakoka netiweki ya ku Malawi, ukasuntha pang'ono ya ku Mozambiki. Ya kwathu imapezeka pa chulu china kuseri kwa sukulu. Mayiyo ankakwera pachulupo dzuwa likapendeka n'kutumiza zonse za tsikulo pakamodzi. Gulu lakale linkalola zimenezo. Pulogalamu yatsopanoyi inkangozungulirazungulira osatseguka.

"Awa a ku Vubwi sakuoneka pantchito," anatero manejala tsiku lina. "Kontirakiti yawo ikutha mwezi uno, ndipo sindikuona chifukwa choiwonjezera."

Ndinamutengera malipoti a mayiyo, faelo yonenepa, n'kumuikira patebulo. Sanaitsegule n'komwe.

"Madala, za mapepala zinatha. Apa zonse zikuoneka poyera."

Ndinanyamula faelo yanga mtima ukuwira. Kachipinda kanga kanali kumbuyo, kodzaza makabati, ndipo chiyambire zoti mapepala anatha palibe ankalowamo kupatula amayi osesa. Ndinawaitana.

"Amayi, foni iyi ndikuisiya patebulo, ili pamoto. Nthawi zonse mukamadutsa muziikhudza apa ndi chala."

"Atate, mukufuna kundichotsetsa ntchito inu. Nanga ikalira?"

"Muisiye ilire. Akakufunsani, mudzati ndinakutumani ndine."

"Ndiye kuti ine ndakhala mlembi," anaseka. "Mpando wanuwu ndikhalepo?"

"Khalanipo, koma makabati musagwire."

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Chipata, kumeneko n'kupeza galimoto ya ku Vubwi. Mayi uja, mlangizi wathu, ndinamupeza m'munda wa gogo wina, atagwada, akusonyeza alimi masamba a mtedza ogwidwa ndi matenda. Ndinamutsatira masiku angapo, iye panjinga, ine pakabaza, msana wanga ukudandaula. Madzulo ndinakwera naye pachulu paja. Panali anthu ena atatukula mafoni m'mwamba ngati akupempha mvula.

"Abambo, ndamva kuti akuti sindigwira ntchito," anandiuza maso ali pafoni. "Kodi ndisiye minda ndizikhala pano kuti andione?"

Ndinamuuza kuti asasiye munda ngakhale umodzi.

Ndinabwerera ku Katete tsiku la msonkhano wosankha pulogalamu, fumbi likadali m'makutu. Panali a komiti ya alimi, wapampando wathu, ndi ife antchito. Manejala anaimirira n'kuyamba kuyamikira pulogalamu yake, kenako anandiloza.

"Taonani madala awa. Ndi aakulu kuposa tonse, koma sabata yonseyi akhala obiriwira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ngati iwo akutha, a ku Vubwi akulephera chiyani?"

Ena anaomba m'manja. Ndinadikira kuti amalize.

"Abwana, sabata imeneyi munandionako ndi maso?"

"Ndimakuonani pano," anatero akugogoda foni yake.

"Amene mumawaonawo ndi amayi osesa, ndipo ndinawatuma ndine. Ine ndinali ku Vubwi, m'minda, kumbuyo kwa mayi amene mukufuna kumuchotsayo. Khomo langa lili pafupi ndi lanu, koma simunagogodepo. Ngati kadonthoko ndiko kakugwira ntchito, kapatseni njinga kapite kokaona mtedza."

Wapampando, mlimi wa ku Sinda, anaseka mpaka kutsokomola. Manejala sanaseke. Anati ndachita chinyengo ndipo ndachoka pantchito popanda chilolezo. Ndinavomera kuti popanda chilolezo ndinachokadi, ndipo ndinawauza kuti atafunanso kuchotsa munthu chifukwa cha kadontho ndidzachokanso.

Anakangana mpaka masana. Pulogalamu yatsopano anaisankhabe, poti achinyamata a muofesi ankaifuna, ndipo kunena zoona inkasunga bwino zikalata. Koma komiti inalamula kuti timadontho tizimitsidwe kwa aliyense, ndi kuti alangizi a kumalire azitumizabe mauthenga pa gulu lakale. Kontirakiti ya mayi uja anaisaina tsiku lomwelo, wapampando ataimirira pambali pa tebulo la manejala mpaka cholembera chitatsika.

Kalata yanga yochenjeza inabwera pa pulogalamu yatsopanoyo. Ndinapita kwa manejala n'kumuuza kuti andisindikizire papepala, asaine, adindepo ndi chidindo cha bungwe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, koma anachita. Deti anali atalakwitsa, ndipo ndinamubwezera kuti akonze.

Mayi uja akadali pantchito ku Vubwi. Chaka chatha ananditumizira mtedza wosenda m'kathumba, wa m'munda wa gogo uja.