Mayi Rominger ndi Nyimbo ya Zigawo Zisanu ndi Chimodzi

Mayi Ardith Rominger anamwalira pa 9 Malichi 2019, ali ndi zaka 84, atatumikira mpingo wathu wa Moravia kuno ku North Carolina moyo wawo wonse.

Anabadwa mu 1934 m'banja lolima fodya. Piyano anaiphunzira kwa akazi a abusa, ndipo ali ndi zaka 15 analoweza nyimbo yakale ya piyano, yopanda mawu, ya zigawo zisanu ndi chimodzi. Ankati mapemphero awo ambiri anawapempherera m'nyimbo imeneyo. Anagwira ntchito pafakitale yoluka masokosi zaka 38, kwinaku akuliza piyano m'tchalitchi Lamulungu lililonse. Amuna awo anamwalira mu 1979, ndipo ana atatu anawalera okha.

Mu 1998 nyamakazi inapinda zala zawo. Anabweza kiyi wa piyano osadandaula. Chimene chinkawavuta n'chakuti nyimbo yawo ija sidzamvekanso. Anaganiza zoilemba mwatsopano kuti gulu la malipenga la mpingo, lomwe limaimba pamaliro ndi pa Pasaka, liziimba.

Chigawo choyamba chinalephereka. Analemba ngati woliza piyano, osasiya popumira. Bambo Hoyt Spach, oimba lipenga lalikulu, anafiira nkhope nakhala pansi.

"Mlongo Ardith, piyano yanu ija ilibe mapapo. Ife tili nawo awiriawiri, ena a ife limodzi ndi theka."

"Mukanasiya fodya kale, Mbale Hoyt, bwenzi muli ndi awiri athunthu," anatero mayiwo, natenga mapepala awo.

Kuyambira pamenepo ankakhala pambali pa woimba aliyense ndi wotchi, kuwerenga utali wa mpweya wake. Pamwamba pa pepala sankalemba dzina la lipenga koma la munthu. Wa mano oikirira sankamupatsa mawu okwera. Wa chifuwa cha mphumu ankamupumitsa pafupipafupi. Wina akadwala kapena kumwalira, ankalembanso zonse kuyambira pachiyambi, cholembera atachimangirira kuchala. N'chifukwa chake zigawo zisanu zinawatengera zaka 17.

Mu 2016 abusa ataona kuti thanzi la Mayi Rominger likutha, anawauza kuti angathe kuitana oimba a kusukulu ya ukachenjede, ndipo nyimbo yonse ikhoza kumveka m'mwezi umodzi. Mayi Rominger anathokoza, napempha sabata yoti apemphere, kenako anakana. Anati Bambo Spach anaimbira maliro a mpingo uno zaka 60, ndipo sangawakhazike pabenchi n'cholinga choti khutu la mayi mmodzi likondwe.

Bambo Spach anamwalira mu 2017. Chigawo chomaliza, chomwe chinali pafupi kutha, chinayambidwanso.

Mayi Rominger anatsirizika masana ali pampando wawo, mwana wawo Lorene akuwawerengera salimo. Nyimbo yonse sanaimve. Anatisiyira chitsanzo cha munthu amene anasankha abale ake kuposa chimene mtima wake unkafuna kwambiri.

Pa 2 Epulo Lorene anabweretsa bokosi la mapepala a mayi ake kutchalitchi. Chigawo chomaliza chinalimo, chathunthu, m'mapepala khumi ndi anayi. Khumi ndi atatu ali ndi mayina. Limodzi, lomwe lili ndi mawu otsogolera nyimboyo, lilibe dzina. Gulu la malipenga lija lakumana katatu. Aliyense amene wayesa pepalalo mpweya wamuthera pamzere wachitatu poti palibe popumira, ndipo palibe amene wavomera kulisintha.