Tsiku Limene Ndinayanika Zimbale za a Colin

Ntchito yanga yoyamba ku Perth anandipezera ndi Mai Nyirenda a kumpingo kwathu ku Girrawheen. Titangotuluka m'tchalitchi, Tadala ali kumsana, anandikokera pambali.

"Amake Tadala, mopu mumaidziwa?"

"Ndimaidziwa, mayi."

"Nanga Chizungu?"

"Cha Sitandade 7."

"Chikwana. Nkhalamba yake ndi yogontha khutu limodzi, izimva theka lokha."

Bambo a Tadala amagwira ntchito kumigodi, amakwera ndege n'kukakhala kumeneko masabata awiri. Ine ndinkatsala m'nyumba ndi mwana wa zaka ziwiri, kuopa chilichonse. Basi ndinkaiopa, foni ikalira ndinkaopa, kalata yokhala ndi chizindikiro cha boma ndiye osanena, poti viza yanga ndi yotsamira pa ya abambo. Ndiye ntchitoyo ndinailandira ndi manja awiri: masiku atatu pa sabata, ku Balga, mwana ndikumusiya kwa Mai Nyirenda.

Nyumbayo inali ya a Colin, bambo wachikulire wochokera ku England, wokhala yekha. Wondilemba ntchito anali mwana wawo, a Sandra, namwino, munthu wosaseka wamba. Tsiku loyamba anandiyalira zida patebulo: magolovesi, ndowa, mopu, huva yopopera fumbi, mabotolo awiri a mankhwala ndi nsanza zitatu.

"Grace, yofiira ndi ya kuchimbudzi basi. Yobiriwira kukhitchini, ya buluu magalasi. Uziyamba m'mwamba kutsika pansi, uziyamba kumapeto kwa chipinda kubwerera kukhomo. Mabotolo awa usadzawasakanize, ungakomoke."

Ndinazilemba kuchikuto cha Baibulo kuti ndisaiwale.

A Colin ndinkawaona ngati gogo wamba wa masilipasi, manja onjenjemera, tiyi kutayikira pamalaya. Koma tsiku lina kunafika anyamata awiri atsitsi lalitali, ati achokera ku Melbourne, n'kuima pageti akunjenjemera kuposa gogoyo, ngati akuonana ndi bishopu. Anawasainitsa pakapepala, wina mpaka misozi. Atapita ndinalimba mtima n'kufunsa.

"Ndinkaimba ng'oma m'bandi, mwana wanga," anatero.

Anali anyamata anayi a m'tauni ya mafakitale, oimba nyimbo za magitala okalipa zimene amati roko. Anatulutsa zimbale ziwiri. Sizinayende malonda, wailesi sinkaziimba, bandi n'kutha. Anzawo atatu aja anamwalira mmodzimmodzi. Iwo anabwera kuno n'kumayala makapeti m'nyumba za anthu mpaka kukalamba. Koma oimba ena a pambuyo pawo anatola kaimbidwe kaja, n'kumadzaza nako mabwalo a mpira.

"Tinaphika ife, anapakula ena," ankatero akuseka. Nthawi zina pa TV pakamveka nyimbo yotsatsa galimoto, ankaloza ndi supuni. "Wamva ng'oma imeneyo? Ndinaipekera m'garaja ya amalume anga. Mwana akuimbayo sakudziwa n'komwe."

Panali chimbale chachitatu chimene sichinatuluke. Anangodinda chimodzi chokha choyesera, padziko lonse chimodzi, ndipo chinali m'nyumba momwemo. Tsopano kampani ina ya ku England inafuna kuchitulutsa, ndipo anthu awiri anali kubwera pandege Lachinayi kudzachijambula m'makina awo. Zonsezi ndinkazidziwa. Chimene sindinkadziwa ndi mmene chimbale chimaonekera chikakhala kunja kwa chikuto chake, ndi zimene chimadana nazo.

Lolemba la sabata imeneyo, mu Januwale, nthawi imene kuno kumatentha kwambiri, wailesi inali itachenjeza kale za moto wa kutchire. A Colin anatengedwa m'mawa ndi galimoto ya chipatala kukapimidwa makutu. A Sandra anasiya kapepala pafiriji: ndikonze chipinda chakumbuyo, alendo akagwirira ntchito mmenemo.

Nditatsegula kabati ya mmenemo, fungo la nkhungu linandimenya kumaso. Khoma linali lonyowa, paipi ya kubafa inkadontha mkati. Pansi panali makatoni awiri odzaza zimbale, zikuto zake zitachita mawanga akuda. Inu, kwathu ku Dedza chinthu chikachita nkhungu sufunsa munthu. Umayanika. Matiresi timayanika, mabuku a kusukulu timayanika, chimanga, nsapato, chilichonse. Ndiye ndinayala nsalu ya pabedi pasimenti kuseri kwa nyumba, n'kusolola chimbale chilichonse, kuchipukuta ndi nsanza ya buluu youma, kuchigoneka pamzere. Zikuto ndinazipanika pachingwe ndi mapegi. Chimodzi chinali cholemera kuposa zinzake, chopanda chithunzi, cholembedwa ndi bolopeni pakati. Nacho ndinachigoneka. Mpaka ndinajambula chithunzi pafoni kuti a Sandra adzaone khama langa.

Ndinabwerera mkati. Huva, mawindo, kubafa, kutsuka khoma lija. Cha m'ma 12 koloko ndinatuluka kuti ndikazitembenuze, ziume mbali zonse.

Mayo ine.

Zinali zitapindika. Zina zitadzuka m'mphepete ngati mbale ya pulasitiki imene yayandikira mbaula, zina zitachita mafunde. Ndinagwira chimodzi, chinandiotcha zala, chili chofewa ngati chikopa. Cholembedwa ndi bolopeni chija sichinapindike, chinali ndi chitsulo mkati, koma mbali imene inayang'ana dzuwa inali itachita matuza ndi ming'alu ngati chidendene cha m'chilimwe.

Ndinazinyamula ndi nsalu yomweyo kuthamangira mkati. Zina ndinazipanikiza ndi mabuku, zina pansi pa matiresi, ine n'kukhalapo pamwamba. Ndinalumikiza simbi kumagetsi, ndikunena zoona, ndinafuna kuzisita. Itayamba kutentha ndi pamene nzeru zinabwera, n'kuizimitsa. Ndinaona apolisi pakhomo. Ndinaona kalata ya boma. Ndinaona abambo akuitanidwa kumgodi, akuuzidwa kuti mkazi wanu waononga chuma cha mzungu, ine ndili m'ndege, Tadala sindikudziwa ali mbali iti. Kenako linabwera ganizo lina, loziziritsa bwino: zibwezere m'zikuto, utseke kabati. Adzati ndi paipi ija.

Ndinaimbira Mai Nyirenda.

"Mwayanika chiyani?"

"Zimbale, mayi."

"Zimbale zodyera?"

"Za nyimbo."

"Ambuye wanga! Dzuwa la kuno limasungunula ndi phula la pamsewu, inu!" Kumbuyo ndinkamva Tadala akuimba. "Tamverani. Musathawe, musabise. Mukabisa mwasanduka wakuba, ndipo ine sindidzatha kukuimirirani. Munene nokha, asanaone."

Galimoto ya chipatala inaima panja cha m'ma 1 koloko. A Colin atangolowa ndi ndodo yawo, ine ndinagwada pakapeti, manja pamodzi.

"Dzuka, mwana wanga, mawondo anga akupweteka pongokuona. Wamwalira ndani?"

Ndinawatengera kuchipinda chakumbuyo. Chizungu chonse chinandithawa, ndinangoti dzuwa, dzuwa, ndikuloza. Zopindikazo anangoziyang'ana pang'ono, akuti zimenezo zimapezeka kwina. Anatola cha bolopeni chija. Anachitembenuza. Anachiyandikitsa kumaso. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Mbali iyi ili ndi nyimbo zitatu," anatero. "Ikaimba, iimba kamodzi kokha."

"Tidikire alendo aja, bambo. Mwina ali ndi makina."

"Mwina. Ndipo mwina pofika Lachinayi zonsezi zikhala zitagwa zokha." Anapukuta chala pamwamba, tizidutswa takuda n'kutsalira pachala. "Ndakhala ndikuchisunga osachiimba, kuopa kuti chingathe. Taona tsopano. Khala pansi."

Anachiika pagalamafoni ya pabalaza, dzanja likunjenjemera mpaka singano kuiphonyetsa kawiri. Kunamveka kuthetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto, kenako gitala, kenako mawu a mnyamata, mnzawo amene anamwalira kalekale. Singano inkadumpha, inkapala, fumbi lakuda likuunjikana m'mbali. A Colin anatseka maso, zala zikugogoda pandodo, ndipo zala zimenezo sizinkanjenjemera. Ine ndinakhala m'mphepete mwa mpando, maso pawindo, khutu kumsewu, kudikira galimoto ya a Sandra, poti ndinali nditawatumizira uthenga.

Anafika nyimbo yachitatu itangotha. Anayang'ana zimbale, anayang'ana ine.

"Unafunsa ndani?"

"Sindinafunse."

"Foni uli nayo?"

"Ndili nayo."

"Ndiye?"

Atamva kuti bambo awo aimba mbali yong'alukayo, anatembenukira kwa iwo, mawu akukwera. A Colin anangoti, "Iye wachidwalitsa, wachimaliza ndine. Ngati ukuthamangitsa munthu, uyambe ndi ine." A Sandra anandiuza kuti ndisiye makiyi a nyumba, nditenge chikwama changa ndizipita, adzandiimbira.

Masiku atatu amenewo sindinadye bwino. Galimoto iliyonse yochepetsa liwiro pamsewu wathu, ine ndili kuseri kwa katani, Tadala ndamukumbatira mpaka kulira. Abambo sindinawauze, ndinkaopa angasokonezeke ali pamakina. Lachinayi madzulo foni inalira.

"Ubwere mawa nthawi yomwe ija," anatero a Sandra. "Alendo apulumutsa mbali imodzi. Inayo palibe chatsala. Bambo akana munthu wina." Sanandikhululukire tsiku limenelo, ndipo sindikudziwa ngati anadzandikhululukira n'komwe. Koma makiyi anandibwezera.

Chimbalecho chinatuluka chaka chotsatira, cha mbali imodzi. Pachikuto analemba kuti nyimbo zitatu zinatayika ndi kutentha kwa ku Perth. Dzina langa palibe. A Colin, asanamwalire, ankandionetsa pakompyuta anthu a m'mayiko osiyanasiyana akukangana za nyimbo zitatuzo, mmene zikanamvekera, ena mpaka kupeka zawo zongoyerekeza.

Lero ndimakonza nyumba zisanu, ku Balga ndi ku Ellenbrook. Chinthu chimene sindikuchidziwa dzina sindichisuntha, ngakhale chinunkhe bwanji. Ndimachijambula, ndimatumiza, ndimadikira yankho, olo mwini wake andione ngati wopusa. Nzeru za kwathu ndi zabwino, koma dzuwa lake si lomweli, katundu wake si yemweyu.

Mwa anthu amoyo, amene anamva nyimbo zitatu zija komaliza ndatsala ndine ndekha. Mlendo mmodzi wa ku England uja anadzandiimbira foni, mwaulemu kwambiri, kundipempha kuti ndingong'ung'udza pang'ono pokha, olo mzere umodzi. Ndinayesa, ndinatseka maso. Ndinamuuza zoona: bambo, sindinamve kanthu, ndinkamvetsera galimoto.