Chaka Chimene Amayi Ankayamba Kudya

Dengu lathu linali lobooka pansi, amayi analisoka ndi luzi. M'menemo ndi mmene ankanyikamo mipama, zilazi zam'tchire, chaka chachiwiri ufulu utabwera, njovu zitatha mapira athu onse ku Malama. Amalume, omwe anali alonda a nyama, anabwera kudzaona mapesi othyokawo, mfuti ili paphewa. Anangouza amayi kuti, "Njovu n'za boma, mlongo wanga." Kusukulu aphunzitsi ochokera kumpoto ankatiimbitsa pansi pa mbendera yatsopano, ife m'mimba mukulira kuposa nyimboyo.

Amayi ankadziwa kupeza chakudya patchire. Mango aawisi ankawawiritsa mpaka afewe. Bwemba ankamuviika m'madzi n'kuthiramo kaphulusa kuti asawawase kwambiri, ife n'kumamwa titatsinzina. Ufa wa malambe unali phala lathu la m'mawa. Koma chokhalitsa m'mimba chinali mipama yokha, ndipo mipama ya kwathu ili ndi ululu. Ankaisenda, kuidula, kuiwiritsa, kenako n'kumangirira dengu kumuzu m'mphepete mwa mtsinje masiku atatu, maso ali pa ng'ona.

Chimene chinkandipweteka n'chakuti ikapsa, amayi ankayamba ndiwo kudya. Ankatafuna chidutswa, n'kutiuza kuti tidikire mpaka mthunzi wa nkhokwe ufike pamtondo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ndinena mosabisa: ndinkadana nawo. Lero, pamene ndalera anga ana, ndikudziwa kuti ankayesa ululuwo ndi thupi lawo. Nthawi imeneyo ndinkangoona umbombo.

Mvula itayandikira, mlongo wanga wamng'ono anatupa mapazi, tsitsi lake n'kufiira. Phala la malambe ankalibweza. Analeka ngakhale kulira. Amayi anamuyang'ana m'mawa wina, n'kupita kumtsinje kukavuula dengu litangokhalako masiku awiri.

Anaphika, anatafuna chidutswa chawo, tinadikira. Mthunzi usanafike n'komwe pamtondo, thukuta linayamba kuwatsika m'khosi. Anakwawira kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinawamva akusanza. Atabwerako, ananyamula mphika wonse n'kukakhuthulira m'dzenje la zinyalala, n'kukwirira ndi dothi. Fungo lake ndimalimvabe, lokoma ngati la mbatata yowiritsa.

"Mwadya nokha, ife mwatitayira!" ndinakuwa.

Sanandimenye. Analibe mphamvu. Anagona pamphasa masiku awiri, milomo itauma, mwana ali pachifuwa pawo. Amalume anafika ndi kathumba ka ufa wa kukampu ya alonda patapita masiku anayi, n'kupeza anthu akukumba manda a mwanayo. Ufawo unadyedwa pamaliro.

Anthu atabwerako kumanda, amayi anatambasula dzanja kuti ndikakhale pambali pawo. Ndinakana pamaso pa onse, n'kukakhala kwa amalume. Chimene ndinkadziwa ine n'chakuti mlongo wanga wafa ndi njala, ndipo tsiku lija m'nyumba mwathu amene anadya anali munthu mmodzi yekha.