Mtsuko wa mu Disembala

Linali Lachinayi la sabata yomaliza Khirisimasi isanafike, chaka chomwe ndinali Fomu 2. M'mawa umenewo ndinali kuseri kwa khitchini, ndikumanga miyendo ya nkhuku yanga ndi luzi. Inali nkhuku yokhayo yomwe inali yangayanga, ndipo ndinkakaigulitsa kumsika kwa Malomo. Ndinainong'oneza kuti indikhululukire.

Amayi anali atangotuluka kuchipatala. Anabwera ataonda, ali ndi kajumbo ka mapiritsi ndi lamulo limodzi la anamwino, loti azimwa madzi ambiri. Koma madzi sankamwa. Mtsuko wathu wakale mbuzi inaugubuduza n'kuuswa m'chilimwe, ndipo kuyambira pamenepo madzi akumwa tinkasunga m'chigubu chomwe kale munali mafuta ophikira. Ngakhale tinkachitsuka chotani, fungo silinkachoka, ndipo pofika masana madziwo ankakhala atafunda. Amayi ankangonyowetsa milomo, kumeza piritsi, n'kukankhira kapu kumbali.

"Imwani pang'ono, amayi," ndinkawachonderera.

"Ndamwa kale, mwanawe. Madzi akowa akununkha mandasi."

Kusukulu anzanga ochokera m'tauni ankasimba kuti kwawo mphatso za Khirisimasi amabisa, n'kudzapereka pa tsiku lenilenilo. Ife kwathu Khirisimasi ndi mpunga, nyimbo za kutchalitchi, ndi chitenje chatsopano ngati fodya anagulidwa bwino. Koma zobisazo zinandikomera. Ine pakamwa pamandilemera, ndiye ndinaona kuti mtsuko ungandinenere zimene ndimalephera kunena. Abambo ankalawirira kumunda wa fodya mbandakucha, choncho panalibe wondifunsa zambiri. Amayi ndinangowauza kuti ndikupita kumsika.

Nkhuku sinavute kugulitsa, poti aliyense ankafuna ndiwo ya chikondwerero. Chovuta chinali mtsuko. Msika wonse unali ndowa za pulasitiki, mabeseni, zibaluni ndi kaunjika. Ndinazungulira mpaka miyendo kuwawa, ndikuopa kufunsa. Pakhonde la golosale ina panakhala agogo ena aamuna, atayala mithiko, zipande ndi zikho pathumba. Chala chawo chachikulu chinali chomanga ndi kansalu, ndipo m'manja anali ndi kampeni, akupala mthiko wina.

"Wandidutsa kangapo, mdzukulu," anatero. "Ukufuna mthiko kapena mwamuna? Ngati ndi mwamuna ndilipo, kungoti mano anatha."

Ndinabisa pakamwa ndi chitenje. "Ndikufuna mtsuko, agogo."

"Mtsuko? Mu Disembala?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Oumba onse ali kumunda. Dothi siliuma mvula ikugwa, mkazi wanga. Anthu amagula mitsuko m'chilimwe."

Ataona kuti sindikuchoka, anandilozera phiri la kum'mawa. Anati ndikawoloka mtsinje ndikwere mpaka mudzi wa mitengo ya bulugamu, ndikafunse mayi woumba mbiya. Mwina angakhale ndi wotsala. Ndinagula chikho chimodzi kwa iwo, chifukwa mtsuko wopanda chikho ndi chiyani? Anasankha okha, n'kuuziramo mpweya kuchotsa fumbi.

"Ndinachipala ndekha ichi. Sichiwawa mkamwa."

Akabaza anakana kunditenga, ati njinga sikwera kumeneko mvula ikagwa. Ndinayenda wapansi. Katondo anamata nsapato zanga mpaka zinalemera ngati njerwa, ndiye ndinavula n'kuzinyamula m'manja. Njira inkangokwera. Ndikati ndafika pamwamba, kutsogolo kunkaonekanso mtunda wina. M'minda monse anthu anali chiweramire, ena akupalira, ena akuthira feteleza, ndipo aliyense amene ndinamupatsa moni ankayankha osadzutsa mutu. Sindinadye chilichonse kuyambira m'mawa, koma njala inali itandipitirira.

Mayi woumba uja ndinawapeza akupalira chimanga kuseri kwa nyumba yawo. Anali wamkulu kuposa amayi anga, wamanja akuluakulu ong'aluka. Ndinagwada m'mphepete mwa munda n'kudikira kuti amalize mzere.

"Nanga mwana wa sukulu, wadzera ganyu?" anafunsa. "Khasu lina lilipo."

Ndinanena chimene ndinadzera.

"Palibe. Yonse inatha mvula isanayambe. Udzabwere tikakolola."

Anayambanso kupalira. Ine sindinadzuke. Ndinkayang'ana matope a m'zala zanga za kumapazi, ndipo mawu anatuluka okha, aang'ono kwambiri.

"Ndi wa amayi. Akudwala. Sakumwa madzi."

Mayi aja anaima. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsamiritsa khasu pamzere n'kupukuta manja pachitenje. Ndinawatsatira mpaka pankhokwe. Anagwada, n'kusolola kunsi kwake chinthu chokulunga m'matumba akale, chodzaza nthenga za nkhuku. Unali mtsuko wofiirira, wokhala ndi mawanga akuda a moto, ndipo m'khosi mwake munali timizere tokhotakhota.

"Uwu ndinasungira mpongozi wanga," anatero. "Koma iye akuti akufuna ndowa yabuluu. Azimwa yabuluuyo."

Anaugogoda ndi chala, ndipo unalira bwino ngati kabelu kakutali. Ndinapereka ndalama zomwe anatchula. Anandipotera nkhata ya masamba ouma a nthochi, n'kundisenzetsa okha. Ndisanatuluke pabwalo mvula inayamba kudontha, ndipo iwo anathamangira kukaanula zovala. Ali chithamangire anafuula:

"Ndi watsopanotu umenewo! Mayi ako akudziwa chochita nawo!"

"Chabwino," ndinayankha, ngakhale sindinamvetse. Kubwerera kukafunsa ndinachita manyazi. Kufunsa amayi kukanaulula mphatso. Ndinangoti mtsuko ndi mtsuko, ntchito yake ndi kusunga madzi.

Kutsika kunali kowawa kuposa kukwera. Poterera paliponse ndinkakhala kaye pansi, manja onse ali kumutu. Khosi linauma. Ndinafika kwathu dzuwa litapendeka, ndinazembera kuseri, n'kukaubisa m'chigafa, momwe munalibe kanthu poti fodya anali akadali wamng'ono kumunda. Ndinautsuka ndi sopo mosamala, n'kutsukuluza kambirimbiri. Kenako ndinatunga madzi pamjigo, n'kuudzaza mpaka m'khosi, n'kuvundikira ndi mbale. Ndinkafuna kuti pofika Khirisimasi madziwo adzakhale atazizira bwino. M'buku langa la tsiku ndi tsiku ndinangolemba mawu amodzi: "Ndaupeza."

Lachisanu m'mawa, abambo atangonyamuka, ndinakasuzumira m'chigafa. Pansi ponse pozungulira mtsuko panali matope. Nditavundukula, madzi anali atatsika mpaka kumunsi. Kunja kwake kunali kwakuda, konyowa, ndipo nditapititsapo chala chinatuluka chofiira. Ndinafufuza mng'alu koma sindinauone. Ndinaganiza kuti mwina ndinaugunditsa potsika phiri.

Ndinakhala pansi m'matopemo. Nkhuku inali itapita. Mphamvu zokweranso phiri lija ndinalibe, ndipo ngakhale ndikanakwera, kunsi kwa nkhokwe ija kunalibenso wina. Ndinalira mwakachetechete, kapena ndinkaganiza kuti ndi mwakachetechete.

"Ndimati maliro a ndani m'chigafa muno."

Anali amayi, atagwira mzati, ndodo ya abambo ili m'manja. Chitulukireni kuchipatala anali asanayendepo mtunda wotere. Anayang'ana ine, anayang'ana mtsuko, kenako anagwada pang'onopang'ono, akubuula. Anausisita m'mimba monse ndi chikhatho, n'kununkhiza kunja kwake.

"Sopo? Watsuka mtsuko ndi sopo ngati mbale za alendo?"

"Wasweka, amayi?"

"Sunasweke. Uli ndi ludzu. Mtsuko watsopano sayamba n'kuthiramo madzi ozizira, mwanawe. Umayamba wauwamba pamoto, ukatentha n'kuthiramo phala la gaga lamadzimadzi, lotentha, n'kumazunguliza kuti litseke timabowo ta dothi. Ugone nalo, ndiye mawa lake n'kutsuka. Amene anakugulitsa sanakuuze?"

"Anati inu mukudziwa."

"Nanga bwanji sunandifunse?"

"Inali mphatso ya Khirisimasi," ndinatero ndikuyang'ana pansi. "Imayenera kubisidwa mpaka tsikulo."

Amayi anaseka, kuseka koyamba chibwerereni, mpaka anagwira m'nthiti. "Za kusukulu izi! Chobisa ndi mimba yokha, mwanawe, nayonso imadzaoneka. Ndiye nkhuku ija yathera apa?"

Ndinagwedeza mutu. Anasiya kuseka. Anaona mapazi anga otupa ndi matuza a kuchidendene. Anangotola chikho chija pomwe ndinachipachika, n'kuchitembenuza m'manja, n'kutunga madzi otsala aja. Anali ofiirira pang'ono. Ndinafuna kuwaletsa, koma anali atayamba kale kumwa. Anamwa osapumira, chikho chonse, madzi ena akutsikira m'chibwano. Anatunganso kachiwiri.

"Fungo la dothili," anatero, atatsinzina. "Ngati mvula yoyamba."

Kenako anandiuza zoona zake. Mtsuko unali utamwa madzi ambiri, ndipo kuuika pamoto uli wonyowa choncho ukanaphulika. Unayenera kuuma kaye, pang'onopang'ono, ndipo dzuwa kunalibe. Ukauma osang'aluka, upulumuka. Ukang'aluka, basi, tidzasungiramo mbewu za maungu. Iwo mphamvu zounyamula analibe, ndiye ntchito yonse inali yanga.

Tsiku lonse ndinausunga m'khitchini, chozondotsa, patali ndi mafuwa, n'kumautembenuza kuti mbali iliyonse imve kutentha. Utsi unandiliza maso. Ndikamva nkhuni kuthetheka mtima unkadumpha, kuganiza kuti ndi mtsuko. Abambo atabwera kumunda anangouyang'ana, n'kufunsa ngati tayamba kuwotcha mbatata zazikulu chotere. Sindinathe ngakhale kumwetulira. Msana unkapweteka, khosi silinkatembenuka. Madzulo amayi anameza piritsi lawo ndi madzi a m'chigubu, akukwinya nkhope monga kale.

Pomwe ndinkafuna kukonzeratu za phala, ndinapeza kuti gaga wathu anatha, yense anapita kwa nkhumba. Kunalibe kwina kokamupeza koma kuchigayo, komwe kumadzaza amayi olongolola amene ndimawaopa kuwapatsa ngakhale moni.

Ndisanagone ndinaugogoda mtsuko uja ndi chala. Sunalire ngati kuphiri kuja, komanso sunamveke ngati wosweka. Ndinalemba m'buku langa kuti mawa kukangocha nditenga kabeseni, ndipita kuchigayo, ndikatsegula pakamwa panga ndekha n'kupempha gaga mokweza. Ndikabwerako ndidzawayalira amayi mphasa pakhomo pa khitchini, ndipo chilichonse ndidzayamba ndawafunsa.